Musafomate hard disk musanachiyese chimbalecho

Achimwene, mwafunsa ngati mungapange DVD imodzi ya Windows 7 yokhala ndi ma update m'kati yoti muikire makompyuta akale angapo. Zimatheka. Windows 7 imakwana pa DVD imodzi pamodzi ndi ma update ake n'kumabuta bwinobwino, ndipo bandulo mudzaipulumutsadi poti mudzakopera kamodzi kokha m'malo moti kompyuta iliyonse mwa zakalezo izidya yakeyake. Koma anzathu amene akukuuzani kuti mungopita m'tauni mukagule chimbale chowotcha kale cha All in One, chija amati muli zonse m'kati, chonde musawamvere. Ine ndangowerenga mawu amenewo mtima wayamba kuwawanso.

Ife zinatichitikira. Laputopu inali ya achemwali anga, aphunzitsi, nthawi imene ankamaliza maphunziro awo a digiri. Inkachedwa kuyaka, ma virus ali mbwee, ndiye tinaitengera kwa mnyamata wina amene aliyense ankamutama kuti ndi katswiri. Kashopu kake kanali kodzadza ma monitor akufa mpaka kudenga. Anatiuza kuti, "Musadandaule madam, ndili ndi disiki ya zonse m'kati, ma update, ma driver, activation, ola limodzi mwatenga." Achemwali anamufunsa mobwereza za mafayilo awo. Iye anabaya external hard disk yake, anakoka zinthu za pa desktop, n'kunena kuti zonse zalowa. Kenaka anasolola chimbale m'kachikwama kong'ambika, cholembedwa ndi maka yakuda, anachipukuta pa malaya n'kuchiponya mu drive. Chinabuta. Atafika pamene pamaoneka ma partition, magawo a hard disk, anangodina Delete, Delete, Delete, onse, ngakhale D imene achemwali ankasungako ntchito yawo. Ndinamufunsa chifukwa chake, akuti "kuti ikhale fresh."

Ndiye inayamba Expanding Windows files. Manambala ankakwera pang'onopang'ono, kenaka anaima. Drive inayamba kulira, kuzungulira mwamphamvu, kusiya, kuyambiranso. Tonse maso pa screen. Patapita nthawi panatuluka kabokosi kakuti Windows cannot install required files, pansi pake 0x80070017. Nambala imeneyo sindidzaiiwala. Anazimitsa, anapukutanso chimbale pa malaya omwe aja, anayambanso, chinakaima pomwe paja. China analibe. Laputopu inali tsopano yopanda kanthu, yosayaka, ndipo kunja kunali kutayamba kuda. Achemwali anati basi ingondipatsani mafayilo anga ndikasindikize kwina. Anabaya external ija pa kompyuta yake, tinatsegula folder. Mafayilo onse analipo ndi mayina awo, Chapter One, Chapter Two, mpaka mafunso a kafukufuku wawo, koma lililonse linali ndi kamuvi kakang'ono pakona, kukula kwake 1 KB kapena 2 KB. Anakopera ma shortcut okhaokha. Ntchito yeniyeni inali pa D imene anafufuta ija. Achemwali sanalire pomwepo, anangokhala pa benchi manja ali pakamwa, akuyang'ana pansi. Analira tili m'minibasi.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti mnyamatayo sanapepese. Anati hard disk yawo ndi imene inali yotha kale, n'kufunanso ndalama ya "labour". Hard disk yomweyo inadzagwira ntchito zaka zambiri pambuyo pake popanda vuto! Anthu oterewa amawononga moyo wa munthu masana dzuwa likuswa mtengo, mawa lake n'kutsegulanso shopu ngati sipanachitike kanthu. Sadziwa n'komwe kuti 0x80070017 ndi uthenga woti zimene zawerengedwa sizikufanana ndi zimene zinalembedwa, kutanthauza chimbale chokandika, chowotchedwa mothamanga, kapena drive yotopa. Ndipo zimbale za All in One zija palibe amadziwa amene anazipanga ndi zimene anabisamo. Mukaona Windows yobwera itachitidwa kale activation, dziwani kuti wina anaigwiragwira m'kati. Tinapulumutsako machaputala ena ndi pulogalamu yobweza mafayilo, ena achemwali analemba kachiwiri kuchokera pa mapepala amene anasindikiza kale.

Kuchokera pamenepo ndimapanga ndekha, ndipo si zovuta. Pezani ISO (fayilo imodzi yonyamula chimbale chonse) yoyera ya Windows 7 yokhala ndi Service Pack 1, ya 2011 ija, osati yosinthidwa. Ya 64-bit ndi pafupifupi 3 GB. Itsegulireni mu folder, m'kati mwa sources mupezamo install.wim, ndiyo Windows yeniyeniyo. Mmenemo muli mitundu ingapo, Home Premium, Professional, Ultimate, uliwonse ndi nambala yake, ndiye sankhani umodzi wogwirizana ndi key ili pa stika ya pansi pa laputopu kapena pambali pa CPU. Polowetsa ma update mu install.wim mukhoza kugwiritsa ntchito pulogalamu ya DISM imene imabwera ndi Windows yomwe, kapena NTLite ngati kulemba ma command kumakuvutani. Ma update atengeni pa Microsoft Update Catalog pokha. Ndondomeko yake ndi yofunika kwambiri: yambani ndi KB3020369 ya April 2015, ikalowa bwino ndiye muike KB3125574, convenience rollup imene Microsoft inatulutsa mu May 2016. Imeneyi yokha imanyamula pafupifupi zonse zimene zinatuluka kuchokera pa Service Pack 1 mpaka April 2016. Mukaitsogoza isanalowe inzake ija imakana. Internet Explorer 11 mulibemo, ndi yapadera. Onjezaninso KB4490628 ndi KB4474419, chifukwa kuyambira 2019 ma update a Windows 7 amafuna SHA-2, njira yatsopano yotsimikizira kuti update ndi yeniyeni, popanda ziwirizi atsopanowo salowa. Chigamba chotseka bowo limene virus ya WannaCry inalowera mu May 2017 chinatuluka mu March chaka chomwecho, ndiye rollup ya 2016 ilibe, muyenera kuikaponso monthly rollup ya pambuyo pake. Mukamaliza musaiwale commit, kutanthauza kusunga zimene mwasinthazo mu install.wim, apo ayi zonse mwachitazo zimatayika.

Pamene ambiri amagwera ndi powotcha. Mukangokokera fayilo ya ISO pa DVD monga mmene timachitira ndi nyimbo, chimbale chimenecho sichibuta ngakhale mutasintha BIOS motani. Mu pulogalamu yowotchera zimbale ya ImgBurn, popanga ISO kuchokera ku folder ija, pitani pa Advanced, Bootable Disc, chongani Make Image Bootable, mulozereni etfsboot.com imene ili mu folder ya boot, emulation ikhale None, sectors to load ikhale 8, file system UDF. Onaninso kukula kwake. DVD imalembedwa 4.7 GB pachikuto koma kompyuta imakuonetsani 4.37 GB, ndipo mukadzadza ma update mu mitundu yonse nthawi imodzi mudutsa malire. ISO ikatuluka musathamangire kuwotcha, iyeseni kaye mu VirtualBox, pulogalamu yoyesera Windows m'kati mwa kompyuta yanu, muione ikufika pa desktop. Powotcha sankhani 4x, chongani Verify, ndipo ngati magetsi akuvuta kwanuko wotcherani pa laputopu ya batire yabwino, chifukwa akathima pakati chimbalecho chapita. Wotchani ziwiri. Ndipo musanadine Delete pa kompyuta ya munthu aliyense, tsegulani mafayilo amene mwakoperawo limodzilimodzi pa kompyuta ina, mwiniwake ali pompo aone ndi maso ake.

Ngati ena mwa makompyutawo ndi a Intel 6th generation kupita m'tsogolo, mudzaona kiyibodi ndi mouse za USB sizikuyankha pa setup, poti Windows 7 inatuluka yopanda ma driver a USB 3.0. Ayenera kulowa mu boot.wim, imene ilinso mu sources, komanso mu install.wim. Uthenga wakuti A required CD/DVD drive device driver is missing nawo umanamiza anthu, nthawi zina ndi driver zoonadi, nthawi zina ndi chimbale chomwecho chimene chinawotchedwa molakwika.

Koma kunena zoona achimwene, ndikanakhala inu DVD ndikanaisiya. Tengani fulashi ya 8 GB ndi Rufus, pulogalamu yoikira ISO pa fulashi, mphindi zochepa yatha, siikandika, ndipo ma drive a DVD a makompyuta akalewa ambiri maso awo anafooka ndi fumbi. Chokhacho fulashi imeneyo isamabwerekedwe kwa ana okakopera nyimbo, imabwerako ndi shortcut virus, pamene pa DVD-R yowotcha kale virus singalembepo kanthu, n'chifukwa chake ine ndimasungabe zimbale ziwiri m'kabati. Komanso musadzadze ma update ambirimbiri chifukwa choti ndatchula manambala ambiri. Chimbale chimene chinandigwirira ntchito nthawi yayitali chinali ndi ziwiri zoyambazo basi, zina ndinkaika kuchokera pa fulashi Windows itayaka kale, chifukwa ikalephera pamenepo mumaona imene yavuta n'kuichotsa.

Mudziwenso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 7 pa 14 January 2020, Chrome nayo inathera pa version 109, ndiye ngakhale muikemo zonse, makompyutawo asagwiritsidwe ntchito pa zabanki kapena ndalama. Ngati ndi otayipira, kusindikiza ndi kuphunzitsira ana Word ndi Excel, palibe vuto, achotseni pa intaneti basi. Windows 10 nayo nthawi yake inatha pa 14 October 2025, ndipo ISO yake yomaliza yotenga pa tsamba la Microsoft imadutsa 5 GB, siikwana pa DVD wamba pokhapokha ya dual layer ya 8.5 GB. Tiuzeni model ya makompyutawo ndi RAM yake, komanso ngati stika ya key ikuwerengekabe, tione ngati ndi 32-bit kapena 64-bit imene mufunika kukopera musanawononge bandulo.