Mwana wanu akapita kuwodi, sukulu sinatseke

Mayi wina wa ku Chinamwali wanditumizira imelo. Mwana wawo wamkazi wasankhidwa kukachita digiri ya unamwino ndi uzamba, ndiye amva kuti ophunzira amatumizidwa m'zipatala sukulu isanathe. Akufunsa kuti mwanayo aziphunzira nthawi yanji, nanga ntchito ya kuchipatalayo ili ndi malipiro?

Mayi, malipiro palibe. Kuwodi ndi kalasi ndithu, ndipo amachongedwa monga mayeso ena onse.

Digiriyi ndi ya zaka zinayi. Kuyambira 2021, Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine zinaphatikizana kukhala yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), choncho mwana wanu akhala ku Lilongwe kapena ku Blantyre, pokhapokha ngati wasankhidwira ku Mzuni. UNIMA yathu ya kuno ku Zomba siphunzitsa unamwino. Ophunzira amene mumawaona ndi yunifomu kuchipatala cha Zomba Central ambiri ndi a dipuloma, ochokera ku Malawi College of Health Sciences kapena ku St Luke's ku Malosa.

Chaka choyamba chimachuluka za m'kalasi: kapangidwe ka thupi, tizilombo toyambitsa matenda, kagwiridwe ntchito ka mankhwala. Jakisoni amayamba kubaya chidole asanakhudze munthu. Kenako zimayenda mosinthana, masabata angapo m'kalasi, masabata angapo kuwodi. Poyamba ntchito yake ndi kuyeza BP, kuyala bedi, kusambitsa wodwala ndi kumutembenuza kuti asachite zilonda. Ena amazinyoza ntchito zimenezi, koma pomusambitsapo ndi pomwe namwino amaona kuti mapazi atupa kapena kapumidwe kasintha. Za dripu ndi kutsuka mabala zimabwera akazolowera.

Amayenda ndi buku lomwe asisita kapena aphunzitsi amasaina akamuona wachita chinthu moyenera. Bukulo likapanda kudzaza, kukhoza kwa m'kalasi sikumupulumutsa. Kuleba ndiye kovuta, chifukwa pali chiwerengero cha amayi oti awachiritse yekha moyang'aniridwa, ndipo mwana sabadwa potsata ndandanda ya sukulu. Mudzamva kuti wagona kuchipatala kudikira. Musadabwe, musamuganizire zina.

Mwina mudzamuona kuno, poti ophunzira ambiri amabwera ku Zomba Mental Hospital kudzaphunzira kusamalira odwala matenda a maganizo. Amapitanso m'zipatala zing'onozing'ono kukagwira za sikelo ndi katemera. Chakumapeto amachita kafukufuku, ndipo akamaliza amalembanso mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi kuti apatsidwe chilolezo chogwirira ntchito.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti anamwino m'zipatala zathu ndi ochepa, ndiye wophunzira amasanduka wantchito. Magadiyani amamuitana kuti anesi, odwala ali mbwee, womuyang'anira watanganidwa kwina. Muuzeni kuti chinthu chomwe sanaphunzitsidwe asachite yekha, ngakhale amuseke kuti ndi wamantha. Aitane wamkulu.

Inu konzekerani za m'thumba. Akamutumiza kuchipatala chakutali pangafunike ya lendi, ya thiransipoti ndi ya chakudya, kuphatikiza yunifomu, wotchi yowerengera kugunda kwa mtima ndi nsapato zofewa zoti aimirire nazo usiku wonse. Alembere msanga ngongole ya boma ya ophunzira, koma musadalire yokhayo. Akangofika kusukulu afunse ndandanda ya chaka chonse, kuti mudziwiretu miyezi yomwe adzakhale kuwodi ndi kuyamba kusunga kangachepe.