Tifunseni: Galimoto ya Polisi Ikasowa Mafuta, Tifunse Yani?

Akonzi,

Ine ndine mayi wochita geni ya kaunjika m'dera lina la Mulanje, kufupi ndi malire a Mozambique. Mwezi wathawu akuba anathyola nyumba yathu usiku ndi kutenga mabelo awiri a zovala pamodzi ndi njinga ya amuna anga. Kutacha tinapita kupolisi, kumene tinapeza wapolisi mmodzi yekha. Anatilandira bwino ndi kulemba nkhani yathu, koma pomaliza anatiuza kuti galimoto ilibe mafuta, ndipo ngati tikufuna kuti akaone pamene pathyoledwapo timulipirire kabaza. Tinalipira. Anthu akunena kuti katunduyo anawoloka Ruo usiku womwewo. Kodi ndalama za polisi zimapita kuti, popeza misonkho timakhoma? N'chifukwa chiyani apolisi ali ochepa chonchi, nanga amene amalondera malire ndani?

Mayi wodandaula, Mulanje

Amayi, pepani kwambiri ndi zimene zakuonekeranizi, chifukwa mabelo awiri kwa munthu wa geni ndiwo mpamba wonse. Tiyambe ndi kabazayo. Palibe lamulo limene limakakamiza munthu woberedwa kulipira mayendedwe a wapolisi kuti mlandu wake ufufuzidwe, ndipo ndalama iliyonse yovomerezeka imene munthu amapereka ku ofesi ya boma iyenera kubwera ndi lisiti la boma. Komabe sitifulumira kumuweruza wapolisi amene munamupezayo, pakuti n'kutheka ndithu kuti ananena zoona. Iye ali kumapeto kwenikweni kwa njira imene ndalama zimadutsa, ndipo njirayo imayambira ku Lilongwe.

Polisi siilandira ndalama kuchokera ku khonsolo ya boma lanu ngati mmene misika imachitira. Chaka cha chuma cha boma chimayamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 31 Malichi, ndipo chisanayambe nduna ya zachuma imapita ndi bajeti ku Nyumba ya Malamulo, kumene aphungu amavomereza gawo la polisi palokha. Mbali yaikulu ya gawolo imathera ku malipiro. Mafuta, kukonza galimoto, mapepala, magetsi ndi madzi zimachokera ku kathumba kena kamene a m'boma amakatchula kuti ORT, ndipo kathumba kameneka ndiko kamayamba kufinyidwa zinthu zikathina. Ndalama imene aphungu avomereza papepala siifanana nthawi zonse ndi imene unduna wa zachuma watulutsa mwezi ndi mwezi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Imene yatulukayo imafikira ku likulu la polisi ku Area 30, ndipo pofika ku kapolisi ka kumudzi imakhala itagawidwa kangapo. Onjezani kuti mu Novembala 2023 Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, kutanthauza kuti ndalama yomweyo inayamba kugula mafuta ochepa kuposa kale.

Tsono amene muyenera kumufunsa poyamba ndi phungu wanu. Musamufunse ngati amakonda chitetezo, chifukwa aliyense angayankhe kuti inde. Mufunseni kuti polisi inapatsidwa zingati chaka chino, zimene zatuluka ndi zingati, ndipo boma la Mulanje lalandirapo zingati. Nyumba ya Malamulo ili ndi komiti yoona za chitetezo, komanso komiti ina imene imaunika malipoti a mkulu wolondoloza chuma cha boma, ndipo makomiti onse awiriwa ali ndi mphamvu yoitana akuluakulu a polisi kuti adzafotokoze. Ngakhale mkulu wa apolisi m'dziko lonse, amene amasankhidwa ndi Pulezidenti, sayamba ntchito pokhapokha aphungu atamuvomereza. Phungu amene angakuuzeni kuti za polisi sizimukhudza ndiye kuti sakudziwa ntchito yake, kapena akukuzembani.

Inunso panokha muli ndi chida chimene anthu ambiri sakuchigwiritsa ntchito. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kuchokera ku maofesi a boma linakhazikitsidwa mu 2017 ndipo linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Mukhoza kulemba kalata yopempha kuti akuuzeni chiwerengero cha apolisi ndi galimoto zoyenda zimene zili m'dera lanu, ndipo ngati akana ayenera kupereka chifukwa. Mukapanda kukhutira, bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission ndilo limayang'anira lamuloli. Ife tikuona kuti kalata yotere imalemera ikachokera ku komiti ya msika kapena ku gulu la chitetezo cha m'mudzi, itasainidwa ndi anthu ambiri komanso amfumu, kusiyana ndi ya munthu mmodzi.

Za kuchepa kwa apolisi, tiyeni tiwerengere limodzi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 684,107 m'boma la Mulanje ndi oposa 17.5 miliyoni m'dziko lonse. Muyezo umene umatchulidwa kawirikawiri ndi wakuti wapolisi mmodzi aziyang'anira anthu pafupifupi 500, ndipo potsatira muyezowu Mulanje yekha anayenera kukhala ndi apolisi oposa 1,300, pamene dziko lonse likanafunika pafupifupi 35,000. Dziko lino silinafikepo pamenepo, ndipo anthu achulukirachulukirabe kuchokera chaka cha kalemberacho. Boma likalengeza kuti lalemba apolisi atsopano ndi kuwatumiza kukaphunzira ku Limbe kapena ku Mtakataka timaomba m'manja, koma funso limene silifunsidwa ndi lakuti chaka chomwecho apuma ntchito ndi angati, amwalira ndi angati, ndipo mwa otsalawo ndi angati ali pa malodibuloko, pa nyumba za akuluakulu ndi m'maofesi. Kulemba wapolisi wopanda nyumba, wopanda njinga yamoto, ndi kumutumiza kudera la mapiri ndi minda ya tiyi kumene milatho ina inakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu 2023, kumachulukitsa maina m'kaundula koma sikufupikitsa mtunda.

Nkhani ya malire ndiyo yovuta kuposa zonse, ndipo inu a ku Mulanje mukuidziwa bwino kuposa ife. Pa chipata cha Muloza, moyang'anana ndi Milange, pali a nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, amene ntchito yawo ndi ziphaso, pali a MRA oona za katundu ndi msonkho, ndiponso pali apolisi. Nthambi ya olowa ndi otuluka ili pansi pa unduna umodzi ndi polisi, wa za chitetezo cha m'dziko, koma ili ndi bajeti yakeyake ndi mabwana akeake, ndipo imagwiritsabe ntchito lamulo la 1964. Malire athu ndi Mozambique ndi aatali pafupifupi makilomita 1,500, pamene zipata zovomerezeka ndi zowerengeka, ndipo m'chilimwe pali malo ambiri pamene munthu amangokwinya thalauza n'kuwoloka mtsinje atanyamula njinga paphewa.

Pano tikupemphani kusamala pang'ono. Ambiri owoloka tsiku ndi tsiku ndi abale, Alomwe a tsidya lino ndi tsidya lija, opita ku maliro, ku chipatala, kumunda kapena kukagulitsa chimanga ndi nandolo pa Limbuli, ndipo kuwayesa onse akuba kungangodanitsa anthu amene ali pa chibale ndi pa ukwati. Amene boma liyenera kuwalondola ndi magulu ozembetsa katundu ndi anthu, amene sangayende mtunda wautali popanda wina wowatsegulira njira. Manda a anthu pafupifupi 30 amene anapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu Okutobala 2022, amene ankaganiziridwa kuti anali ochokera ku Ethiopia, anaonetsa kuti anthu angathe kulowa ndi kudutsa mtunda wautali m'dziko muno osaimitsidwa, ngakhale kuti lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu tili nalo kuyambira 2015.

Pa mlandu wanu, bwererani kupolisiko mukapemphe nambala ya mlandu ndi dzina la amene akuufufuza, ndipo mukawapatse nambala ya njingayo ngati amuna anu anaisunga, chifukwa apolisi a mbali ziwirizi amakumana ndi kubwezerana katundu wobedwa akadziwika mwini wake. Ngati mukuona kuti simunathandizidwe moyenera, yambani mwaonana ndi mkulu wa polisi ya boma lanu. Zikakanika pamenepo pali bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, la Independent Complaints Commission, limene lamulo la polisi la 2010 linakhazikitsa ngakhale kuti linatenga zaka pafupifupi khumi lisanayambe ntchito. M'kalata yanu mulembe tsiku, nthawi ndi ndalama imene munapereka kwa wakabazayo.