Funsani Tiyankhe: Kodi "phone box" ndi katoni ya foni?

FUNSO: Mwana wanga wa Fomu 3 anapeza mawu akuti "phone box" m'nkhani ya Chingerezi, n'kuwamasulira kuti katoni yomwe foni imabweramo ukaigula. Ine ndinkadziwa "phone booth". Zoona ndi ziti? Kholo, Zomba.

YANKHO: Mwanayo musamudzudzule, anabadwa mafoni ali kale m'matumba mwa anthu. "Phone box" ndi kanyumba ka m'mbali mwa msewu, kokwana munthu mmodzi ataimirira, momwe muli foni yoti aliyense aimbe akalipira. Mawu anuwo ndi olondolanso. Ku Britain amati "phone box" kapena "telephone box", pomwe ku America amati "phone booth".

Pomwe ambiri amaphonya ndi pa "payphone". Mawuwa akunena foni yeniyeniyo, yoponyamo ndalama kapena kulowetsamo khadi, osati kanyumbako. Foni yotero ikakhomedwa pakhoma pa siteshoni, ndi "payphone" basi. Chenjeraninso ndi "call box": ku Britain ndi kanyumba komweko, koma ku America nthawi zambiri ndi foni ya m'mbali mwa msewu waukulu yoitanira chithandizo pangozi. Polemba mayeso, mwanayo agwire "phone box", chifukwa Chingerezi cha m'sukulu zathu chimatsata cha ku Britain.

Kanyumba kofiira kotchuka ka ku London anajambula pulani yake ndi katswiri wa zomangamanga Giles Gilbert Scott. Mtundu wa K2 unayamba kuikidwa m'misewu mu 1926, ndipo K6, wocheperako, unakonzedwa mu 1935 pokondwerera zaka 25 za ufumu wa George V. Chilembo K chikuimira "kiosk", dzina lomwe a positi ofesi ankagwiritsa ntchito. Thupi lake ndi lachitsulo, chitseko chathabwa, ndipo magalasi ang'onoang'ono ali mbali zitatu.

Mafoni akale a m'menemo anali ndi mabatani awiri, A ndi B. Unkaponya ndalama kaye n'kuimba. Wina akayankha, unkadina A kuti ndalama igwere m'kabokosi ndipo azikumva. Ukaiwala kudina, iwe unkamumva akufuula "halo, halo" koma iye osakumva. Pakapanda woyankha, unkadina B ndalama yako n'kubwerera.

Agogo omwe anagwirako ntchito ku Joni angakuuzeni dzina lina: "tickey box". Linachokera ku tiki, kandalama ka mapeni atatu komwe ankaponyamo.

FUNSO: Nanga ma "telephone bureau" omwe tinkaimbira m'matauni mwathu muno, nawonso ndi "phone box"? Wowerenga, Mzuzu.

YANKHO: Ayi. Pa byulo pankakhala munthu wowerengera mphindi n'kulandira ndalama pamanja. "Phone box" ilibe woyang'anira, makina ndiwo amalandira ndalama n'kudula foni nthawi ikatha.

Ku Britain tinyumbati tikuchepa chifukwa cha mafoni am'manja, koma dzinali silinafe. Kuyambira 2008, kampani ya mafoni ya BT imalola makhonsolo ndi mabungwe othandiza anthu kutenga kanyumba kofiira pa £1 yokha. Tina tasanduka malaibulale aang'ono osinthanirana mabuku, tina mumasungidwa makina odzutsira mtima wa munthu ukaima mwadzidzidzi. Choncho wachibale wa ku Leeds akanena kuti wakatenga buku mu "phone box", musadabwe, ngakhale foni mulibemo.