Za ma cryptogram mwafunsazi, yambani ndi pensulo

Achemwali, mwati mukufuna kachinthu kochita tsiku ndi tsiku kuti mutu uzigwirako ntchito m'malo momangokhalira pa foni, ndiye wina wakutchulirani ma cryptogram koma mukuopa kuti mwina ndi za anthu a masamu. Ayi ndithu, mulibe masamu mmenemo. Ine ndayamba kalekale ndipo sindinatope nazo ngati mmene ndinatopera ndi ma crossword, chifukwa crossword imafuna udziwe dzina la mtsinje winawake umene sunaumvepo, ukapanda kuudziwa basi wagwa nayo, pomwe apa zonse zili pamaso pako pomwepo, chatsala ndi kuganiza basi.

Chimene amachita, amatenga chiganizo n'kusinthanitsa zilembo, tinene kuti E yense amulemba K, ndiye K ameneyo akhala E kuyambira poyamba mpaka pomaliza, sasintha pakati. Julius Caesar, mtsogoleri wakale wa ku Roma, ankangosuntha zilembo ndi malo atatu, A n'kukhala D, ndiye MONI akanalemba PRQL, koma amasiku anowa amasakaniza chisawawa.

Ambiri ali m'Chingerezi ndiye ndikuuzeni za mmenemo. Musayambe ndi mawu aatali, mudwala mutu pachabe. Fufuzani kachilembo koima kokha, kawirikawiri kamakhala A kapena I. Kenako mawu a zilembo zitatu amene akungobwerabwera, yesani THE, mukalasa ameneyo mwapeza T, H ndi E nthawi imodzi, ndiye mukazilemba paliponse pamene zikupezeka muona mawu ena ayamba kutulukira okha, apa ndi pamene pamakoma heavy. Mawu a zilembo zinayi oyamba ndi kutha ndi chilembo chimodzi, yesani THAT kaye. Pambuyo pa apostrophe pamakonda kubwera S kapena T. Zilembo ziwiri zofanana zogundizana, ganizirani LL, EE, SS, OO.

Anthu amakonda kunena kuti ingowerengani chilembo chochuluka, ndi E ameneyo. Zoona E ndi amene amachuluka m'Chingerezi, T n'kutsatira, ndipo nzeru yowerenga zilemboyi ndi yakale, katswiri wina dzina lake Al-Kindi wa ku Baghdad anailemba cha m'ma 800. Koma chiganizo chikakhala chachifupi imanamiza, ine inandizunguzapo kambiri ndikukakamira E pamene panali T. Ndiye muziitenga ngati kongoyambira.

N'chifukwa chake ndikuti pensulo ndi labala. Mudzalakwitsa, mudzafufuta, ndipo kuganizako kuli pamenepo, pozindikira kuti aaa ngati K ndi E ndiye mawu awa sakutheka, ndibwerere. Ma app alipo ambiri ndipo ndi abwino poti ukaika chilembo chimodzi amakudzazira paliponse, koma kabatani ka hint kokuululira zilembo kaja ndi mdani, ukakadina kamodzi chala chimazolowera, mapeto ake foni ndiye ikusewera iwe ukungoonerera. Cryptogram ikakukanikani isiyeni, mudzaione madzulo, nthawi zambiri umangoti kuyang'ana yankho lili poyera.

Mphindi 10 kapena 15 patsiku zakwana. Sankhani amene mawu ake ndi olekanitsidwa, a American Cryptogram Association amawatcha Aristocrat, enawo a Patristocrat amachotsa mipata ya pakati pa mawu, amenewo muwasiye kaye mungadane nazo msanga.

Pa nkhani yoti zikuthandizani pa vuto la kuiwalaiwala mwatchula ija, ndisakunamizeni kuti ndi mankhwala. Chimene ndaona kwa ine n'choti ndimatha kukhala phee pa chinthu chimodzi osathamangira ma message, komanso spelling yanga ya Chingerezi inawongokerako. Ngati kuiwalako kwafika podetsa nkhawa kaonaneni ndi adokotala, puzzle ikhale yongowonjezera.

Komanso yesani kupangirana a Chichewa ndi mnzanu kapena ana, wina alembe mwambi mobisa wina amasule. Chichewa chili ndi kachinsinsi kake, pafupifupi mawu onse amathera ndi a, e, i, o, u, ndiye mukangoyang'ana kumapeto kwa mawu mwawagwira kale mavawelo, chatsala ndi kudziwa uyu ndi uti, ndipo wochulukitsitsayo yesani A osati E. Ka zilembo zitatu kobwerezabwereza yesani NDI. Mukapanga woyamba mutiponyere tiyese nafe.