Funsani Amakaniko: Injini Yatopa, Ndikonzetse Kapena Ndigule Ina?

Funso: Ndili ndi njinga yamoto ya Lifo ya 125 imene ndayendetsa kabaza zaka zinayi. Pano ikutulutsa utsi wabuluu, oyilo ndikuchita kuwonjezera sabata iliyonse, ndipo pachitunda ndikanyamula munthu imangolira osakwera. Makaniko wina akuti tipange ovaholo (kumasula injini n'kusintha zonse zotha), wina akuti ndisataye ndalama, ndigule injini yatsopano. Ndimvere ndani? — Woyendetsa kabaza, Mponela

Yankho: Achimwene, musamvere aliyense mwa awiriwo mpaka wina atayeza. Anthu akati "injini yatha" amasakaniza matenda awiri osiyana mtengo. Pali kutha kwa kumtunda, komwe kuli hedi, mavavu, pisitoni, maring'i ndi buloko. Ndiye pali kutha kwa kumunsi, komwe kuli kiranki, konirodi (kachitsulo kolumikiza pisitoni ndi kiranki), mabering'i, magiya ndi kesing'i imene imasunga zonsezi. Kumtunda ndi ntchito ya tsiku limodzi, kawirikawiri injini saitsitsa n'komwe pa fulemu. Kumunsi ndiye kofunika kuing'amba pakati.

Yambani ndi zosalira ndalama. Injini za njinga zambiri za ku China za 125 anazitengera ku Honda CG125, ndipo mpata wa mavavu ake umakhala pafupifupi 0.08 mm injini ili yozizira. Vavu ikathina siitseka bwino, mphamvu imathawira pomwepo, munthu n'kumaganiza kuti pisitoni yatha. Mukakonza mpatawo, tenthetsani injini, chotsani pulagi, mangani pabowo lake geji yoyezera compression (mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya), tsegulani moto wonse ndipo mupondeponde kiki mpaka singano itaima. Injini yabwino imafika cha m'ma 150 psi kapena kupitirira; ikamayandikira 100 psi yatopa. Kenako thirani oyilo wokwana kasupuni ka tiyi pabowo la pulagi, muyezenso. Singano ikakwera kwambiri, vuto ndi maring'i kapena buloko, chifukwa oyiloyo watseka mpata kwakanthawi. Ikapanda kusintha, yang'anani mavavu ndi gasiketi ya hedi.

Tsopano tsitsirani oyilo m'beseni loyera, mulitengere padzuwa n'kulipendeketsa. Kuda kokha si nkhani. Koma mukaona tizitsulo tonyezimira ngati mamba a usipa, dziwani kuti bering'i ina ikudyeka. Tsegulaninso chitsekerero chachikulu cha kumunsi kumanzere, muone kasefa kawaya kali mmenemo kagwira chiyani.

Buloko akaichotsa, musachokepo, onani nokha zinthu zitatu. Gwirani konirodi kumutu, muikoke m'mwamba n'kuikankhira pansi. Kugwedera pang'ono cham'mbali ndi mmene anaipangira, koma ikamachita *kha kha* chokwera ndi chotsika, bering'i ya kumunsi kwake yatha. Gwedezaninso maginito: akamasewera, mabering'i a kiranki apita. Pomaliza yendetsani chikhadabo m'kati mwa buloko. Chikamakodwa m'mizere kapena pakamlomo ka kumtunda, maring'i okha sangathandize. Woyeza bwino amalowetsa ring'i yatsopano m'buloko, kuikankha ndi pisitoni kuti ikhale mowongoka, n'kuyeza mpata wa pamene nsonga zake zakumana. Uyenera kukhala pakati pa 0.15 ndi 0.35 mm. Ring'i yatsopano ikapereka mpata woposa 0.5 mm, yakula ndi buloko.

Mwa zimene mwalembazi simunatchule kugogoda, ndiye tikukhulupirira kuti vuto lili kumtunda. Ngati ndi choncho, konzetsani. Pa injini za mtunduwu buloko, pisitoni ya 56.5 mm, maring'i, pini ndi magasiketi zimagulitsidwa pamodzi m'bokosi limodzi, ndipo nthawi zambiri zimatchipa kuposa kukabooletsa buloko yakale kumakina. Onjezanipo masilo a mavavu, mavavuwo awapere bwino, ndipo tiwaya totsekera pini ya pisitoni tikhale tatsopano. Kakale kakafwamphuka kamakanda buloko tsiku lomwelo.

Kiranki ikapezeka kuti yatha koma kesing'i ndi magiya zili bwino, mukhozabe kukonza, pogula kiranki yathunthu yokhala kale ndi konirodi yake. Injini yatsopano muiganizire kesing'i ikakhala yong'aluka kapena yowotcherera, bering'i ikamazungulira pamalo pake m'malo mogwira nganganga, mazinga a mabawuti ogwira buloko akadyeka, kapena magiya akamathawa pamwamba pa zina zonsezi. Kesing'i yotere ngakhale muikemo zipangizo zabwino bwanji, sichedwa kuzidya.

Mitengo muifunse tsiku limodzi, ya zipangizo, ya ntchito ndi ya injini yathunthu, n'kuilemba papepala. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene mnzanu anagulira mwezi watha suthandiza. Ife timati kukonza kukadutsa magawo awiri mwa atatu a mtengo wa injini yatsopano, gulani yatsopano. Muwerengerenso masiku amene njinga idzakhale pagalaja osalowetsa kanthu.

Funso: Ndinagula Yamaha AG200 yakale pa okushoni. Ikufuka ndipo ikumveka phokoso ngati tcheni kumtunda. Anzanga akuti ndingoikamo injini ya ku China. — Mlimi, Thondwe

Yankho: Bambo, pamenepo tikukana. Injini ya AG200 ndi yoyenera kukonza, ndipo mtengo wa njingayo uli mu injini yomweyo. Mukaikamo yachilendo mudzadula ndi kuwotcherera mogwirira injini, mudzavutika kuti masiporoketi ayang'anizane, chikuto cha tcheni choyendetsa tayala mwina sichidzakwananso, mawaya mudzalumikiza mwachisawawa, ndipo podzagulitsa wogula adzakutsitsani kwambiri.

Buloko yake ndi ya 67 mm ndipo imabooledwa. Mapisitoni okulirapo amabwera motsatana, monga 0.25 ndi 0.50 mm. Yambani mwagula pisitoniyo, mupite nayo limodzi ndi buloko kwa amakina kuti aboole moyeza pisitoni yomweyo. Osabooletsa kaye n'kumakasaka pisitoni pambuyo. Phokoso mukumvalo liyenera kuti ndi la tcheni cha taiming'i, poti injini imeneyi kamu yake ili kuhedi. Sinthani tchenicho pamodzi ndi timapulasitiki timene chimatsetserekapo, muonenso chokungira chake. Yang'anani kamu ndi marokala ngati zakandika, chifukwa oyilo akachepa zimayamba kuvutika ndi zimenezo. Chenjerani ndi zipangizo zachinyengo zoikidwa m'mabokosi okongola: pa njinga iyi ndi bwino kudikira sabata ziwiri pisitoni yeniyeni ifike.

Funso: Tinasintha maring'i miyezi iwiri yapitayo, koma utsi wayambiranso. Kodi makaniko anandibera? — Mayi wa bizinesi, Balaka

Yankho: Mayi, mwina sanakubereni, koma anachiza chilonda osachotsa minga. Maring'i atsopano m'buloko yotha amagwira masabata ochepa basi. Ngakhale buloko ili bwino, imafunika kuipala pang'ono ndi chopalira chake kuti ichoke kusalala ngati galasi, apo ayi maring'i sakhazikika. Poika, chilembo cha pa ring'i chimayang'ana kumwamba, mipata yake imatalikirana madigiri 120 osati kundandalika mzere umodzi, ndipo chizindikiro cha IN pa pisitoni chimaloza kukabuleta.

Koma chimene chimapha injini zambiri m'misewu yathu yafumbi ndi sefa ya mpweya. Tsegulani bokosi lake, mupise chala m'paipi ya labala yopita kukabuleta. Chala chikatuluka ndi fumbi, ndiye kuti injini yakhala ikumeza mchenga, ndipo mchenga wosakanikira ndi oyilo umapala chitsulo ngati sandipepala. Siponji yong'ambika isinthidwe. Yabwino ichapidwe ndi parafini, iume, idonthezedwe oyilo pang'ono n'kufinyidwa. Paipiyo ikhale yopanda mng'alu.

Ngati injini yanu ndi ya ku China ya 125, funsaninso ngati anatsuka sefa yozungulira ya oyilo imene ili pa kiranki, kuseri kwa chivundikiro cha kilatchi. Ambiri saitsegula, ndipo imadzaza matope akuda olimba ngati dongo. Mukakonzanso, makilomita 500 oyamba musanyamule katundu wolemera kapena kutsegula moto wonse, kenako tsitsani oyilo. Injini izi zimalowa oyilo wosapitirira lita imodzi, ndiye akachepa pang'ono chabe zimamva. Gulani 20W-50 wa njinga zamoto wolembedwa JASO MA, m'botolo lomata. Wa m'mabotolo a zakumwa wogulitsidwa m'mbali mwa msewu simungadziwe kuti wachokera m'chiyani.

Funso: Ndapeza injini yogwiritsidwa kale ntchito pamsika, yotchipa. Ndigule? — Wowerenga, Mzuzu

Yankho: Injini imene simunaimve ikulira muiwerengere ngati yofunika ovaholo, ndipo mtengo wake ukhale wotero. Ngati ili panjinga, muipeze m'mawa isanalizidwe, muigwire kaye kuti mutsimikize kuti ndi yozizira, chifukwa kugogoda ndi kuvuta kulira zimabisala injini ikatentha. Yezani compression, lowetsani magiya onse, yang'anani pansi pa kesing'i ngati pali zowotcherera kapena guluu.

Onetsetsani kuti ikukwana panjinga yanu: mabowo omangira, pulagi ya mawaya ochokera kumaginito, komanso CDI (kabokosi kotumiza moto kupulagi ya injini), poti ilipo ya AC ndi ya DC ndipo sizisinthana. Mukachoka pa 125 kupita pa 150, kabuleta nayo isinthe. Ya 125 imakhala PZ26, ya 150 PZ27.

Chachikulu ndi nambala ya injini. Njinga zamoto zimabedwa kwambiri, ndipo zambiri zimagulitsidwa zitaphwasulidwa. Nambala yooneka kuti anaipala kapena kuidindanso, isiyeni pomwepo ngakhale mtengo ukome. Wogulitsa akupatseni lisiti lolembedwa nambalayo, dzina lake ndi nambala ya chiphaso chake, ndipo aonetse mapepala a njinga imene injiniyo yachokera. Mukaimanga, pitani ku ofesi ya Road Traffic kuti nambala yatsopanoyo ilowe m'mapepala a njinga yanu, kuti apolisi akadzafananiza pa rodibuloko zidzagwirizane.