Za mfuti kuno ku America, kwa inu amene mwangofika

Lachitatu usiku, ndikungofika kuchokera kuntchito, ndinapeza uthenga pa WhatsApp wochokera kwa mwana wa mlongo wanga. Ali ndi miyezi inayi yokha kuno, anabwera pa viza ya sukulu. Amati: "Malume, anzanga a m'kalasi andiitana Loweruka kumalo oombera chandamale. Mfuti timakabwereka konko, ola limodzi basi. Akuti kuno ndi ufulu wa aliyense, zili m'malamulo aakulu a dziko. Ndipite?" Ndinamuimbira pomwepo, nsapato zili kuphazi. Ndinamuletsa. Zimene ndinamuuza usiku umenewo ndi zomwe ndikulemba pano, chifukwa ndikudziwa kuti enanu mwafika chaka chino kuno ku Indiana, ena ku Texas, ena ku Seattle ndi ku Maryland, ndipo tsiku lina wina adzakuuzani mawu omwewo akumwetulira.

Anzakewo sanamunamize kwenikweni. Ufuluwo ulipodi. Amautcha Second Amendment, chiganizo chimodzi cha mawu 27 chimene chinalowa m'malamulo aakulu a dziko lino mu 1791, pamodzi ndi maufulu ena monga oyankhula ndi opembedza. M'Chichewa chathu chikuti: popeza gulu la anthu wamba ophunzitsidwa bwino zausilikali ndi lofunika kuti dziko la mfulu litetezeke, ufulu wa anthu wosunga ndi kunyamula zida usaphwanyidwe. Anthu amene analemba zimenezi, a James Madison ndi anzawo, anali atangotuluka m'nkhondo ndi Angerezi. Nkhondoyo inayamba mu April 1775 ku Lexington ndi Concord, pamene asilikali a mfumu anapita kukalanda zida ndi wonga zomwe anthu anasunga. Choncho mantha awo anali pa boma lokhala ndi asilikali ambiri pamene anthu wamba ali chimanjamanja. Ankafuna kuti mlimi aliyense akhale ndi mfuti yake kunyumba, kuti lipenga likalira atuluke nayo.

Ife tinakula ndi phunziro lina. Amene tinalipo timakumbukira a MYP ndi mfuti zawo, ndi mmene mitima inakhalira pansi asilikali atawalanda zida pa Operation Bwezani mu December 1993. Kwathu mfuti ndi ya msilikali, wapolisi, ndi munthu amene apolisi amupatsa chilolezo. Ukaiona m'manja mwa munthu wamba umadziwa kuti zinthu zaipa. Kuno ambiri amaiona ngati chizindikiro choti boma silingawapondereze, ndipo simudzawasintha maganizo pa nthawi ya nkhomaliro kuntchito. Musayese n'komwe. Ine ndinayesapo chaka changa choyamba ndipo mzungu wina amene tinkagwirizana bwino anasiya kundipatsa moni mwezi wathunthu.

Kwa zaka zambiri ankakangana ngati chiganizocho chikunena za gulu lausilikali kapena za munthu payekha. Khoti lalikulu linagamula mu 2008 pa mlandu wa Heller, oweruza 5 kutsutsana ndi 4, kuti munthu payekha ali ndi ufulu wosunga mfuti kunyumba podziteteza. Mu 2010 linati zigawo ndi mizinda nazonso zilemekeze ufuluwo, ndipo mu 2022, pa mlandu wa Bruen, linati munthu akhoza kuyenda nayo kunja kwa nyumba. Kuno ku Indiana kuyambira July 2022 munthu wololedwa kukhala ndi mfuti safunikanso chiphaso kuti ainyamule m'chiuno. Ku Texas zinayamba mu September 2021. Ofufuza a Small Arms Survey anawerengera mu 2018 kuti mfuti za anthu wamba m'dziko lino zinali pafupifupi 393 miliyoni, kuposa chiwerengero cha anthu. Mayi amene ali patsogolo panu pamzere m'sitolo akhoza kukhala nayo m'kachikwama.

Tsopano mvetserani, poti apa ndi pamene ana athu akugwera m'mbuna.

Choyamba. Ufulu umenewu sutifikira tonse mofanana, umayang'ana mapepala. Lamulo la boma lalikulu limaletsa munthu amene alibe mapepala, komanso amene analowa pa viza yongokhalitsa kanthawi, ya sukulu, ya alendo kapena ya ntchito, kukhala ndi mfuti ngakhale chipolopolo chimodzi. "Kukhala nayo" sikutanthauza kugula kokha. Kuigwira m'manja pamalo oombera chandamale n'kukhala nayo. Pali mpata wochepa, monga kwa amene ali ndi chiphaso chosakira nyama, koma mpata umenewo musaulowe popanda loya wa za olowa m'dziko. Chilango chimafika zaka 15 kundende. Mnyamata wina wa ku United Arab Emirates, Hamid Rehaif, anabwera kudzaphunzira ku Florida, anachotsedwa sukulu atalephera mayeso, viza yake n'kutha mphamvu, iye n'kukhalabe. Anapita kukaombera chandamale basi, sanaopseze munthu. Anamangidwa n'kugamulidwa miyezi 18. Mlandu wake unafika mpaka kukhoti lalikulu mu 2019, n'kumukomera pa mfundo yoti boma lionetse kuti iye ankadziwa kuti mapepala ake atha. Koma inu muli ndi ndalama zokafikira kumeneko? Makolo anu anagulitsa malo kuti mukwere ndege. Ndipo chonde, kujambulitsa mutanyamula mfuti ya mnzanu n'kuika pa Facebook kuti akumudzi aone kuti mwafika ku America, umenewo ndi umboni umene mwadzilembera nokha.

Chachiwiri ndi cha inu a green card. Inu mumaloledwa kugula. Mumadzaza fomu yotchedwa 4473, wogulitsa n'kufufuza dzina lanu ku FBI. Pa fomuyo pali funso loti kodi mfutiyo mukugulira inuyo eni ake. Pamenepo ndi pamene anapusitsidwa mtsikana wina wa kwathu, mwana waulemu, woimba kwaya. Chibwenzi chake chinamuuza kuti, "Dzina langa lili ndi kavuto pang'ono pa kompyuta, ingondilembera iweyo, ndalama nazi." Analemba. Kavuto kaja kanali mlandu wakale umene unkamuletsa mwamunayo kugwira mfuti. Mfutiyo itapezeka pamalo olakwika, apolisi anatsata nambala yake n'kukagogoda pakhomo pa amene anasaina. Mwamunayo anali atasintha kale foni. Tinasonkha ndalama za loya m'gulu lathu, ena akunyinyirika, ena amene ankadya naye limodzi mwamunayo ali chete ngati sakumudziwa, ndipo zimenezo zimandiwawabe mpaka lero. Kugulira munthu wina mfuti mwa njira imeneyi ndi mlandu waukulu wa boma. Dziwaninso kuti green card sikutchinjirizani: mukapezeka olakwa pa mlandu wa mfuti, lamulo la olowa m'dziko limalola kukuthamangitsani, ngakhale mutakhala kuno zaka 20, ana muli nawo, nyumba mukulipira. Malamulo amasiyananso chigawo ndi chigawo. Kuchoka kuno ku South Bend kupita ku Chicago ndi ulendo wa maola awiri osakwana, koma wokhala ku Illinois amafunika khadi lapadera kuti agule ngakhale zipolopolo.

Chachitatu, ndipo ichi ndi chimene chinatsala pang'ono kundipha ine. Pakhomo pa munthu.

Kwathu ukasochera umalowa pabwalo la munthu, n'kuima, n'kunena kuti odi. Amakupatsa mpando, mwinanso madzi, mwana n'kukuperekeza mpaka panjira. Chizolowezi chimenechi chisiyeni pa Chileka kapena pa KIA. Chaka changa chachiwiri ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Tsiku lina m'nyengo yozizira, mdima utagwa kale cha m'ma 6 koloko, a ku ofesi ananditumizira adiresi ya gogo wina watsopano. Anasemphanitsa manambala awiri. Ndinaimika galimoto, n'kukwera masitepe atatu a matabwa, chipewa cha jekete chili kumutu chifukwa cha mphepo, n'kugogoda. Palibe anayankha. Ndinagogodanso, kenako ndinachita chimene tinkachita kwa okalamba osamva bwino: ndinagwira chogwirira cha chitseko kuti ndione ngati asiya chosakhoma. Nyali ya pakhonde inayaka. Chitseko chamkati chinatseguka, ndipo kuseri kwa galasi kunali bambo wovala malaya ogonera, mfuti italoza pachifuwa panga. Ndimakumbukira kuti dzanja lake linkanjenjemera kuposa langa. Beji yanga ya ntchito inali mkati mwa jekete, koma Mulungu anandigwira dzanja kuti ndisaifune. Ndinakweza manja, chikwama cha magolovesi n'kugwera m'chipale, ndipo ndinabwerera chafutambuyo ndikutchula dzina la gogo uja mobwerezabwereza. Nditafika m'galimoto miyendo inakana kuponda. Mmawa ndinakauza a ku ofesi. Mayi amene analakwitsa nambalayo anangoti pepani, kenako n'kundifunsa chifukwa chimene ndinafikira mochedwa kwa gogo weniweniyo, ndipo anandidula malipiro a ola limenelo. Palibe anafunsa ngati ndinagona. Ntchito imeneyo ndinaisiya patatha miyezi iwiri.

Ine ndinapulumuka. Yoshihiro Hattori, mwana wa zaka 16 wochokera ku Japan, sanapulumuke. Mu October 1992 ku Baton Rouge anasochera nyumba popita kuphwando, mwini nyumba anakuwa kuti "Freeze", kutanthauza kuti ima pomwepo usagwedezeke, mwanayo anapitiriza kuyenda, n'kuomberedwa. Khoti linamasula woomberayo. Mu April 2023 ku Kansas City, Ralph Yarl, naye wa zaka 16, mwana wa makolo ochokera ku Liberia, anaomberedwa m'mutu ataliza belu pakhomo lolakwika pokatenga azing'ono ake. Anachira. Mwezi womwewo ku New York, Kaylin Gillis anaphedwa ali m'galimoto imene inalowa molakwitsa panjira ya pakhomo la munthu. Zigawo zambiri zili ndi malamulo opatsa mwini nyumba mphamvu yodziteteza ndi mfuti akakhulupirira kuti moyo wake uli pachiswe, ndipo zina, kutsatira Florida mu 2005, zimati safunika kuthawa kaye ngakhale ali pamsewu. Khoti likhoza kudzamupeza wolakwa pambuyo pake, inu muli kale m'bokosi, ife tikusonkha ndalama za ndege. Inu onyamula zakudya ndi katundu usiku: imbani foni muli m'galimoto, onani nambala kawiri, yatsani magetsi, vulani chipewa, gogodani n'kubwerera masitepe awiri. Chitseko cha munthu musachigwire. Musadutse kuseri kwa nyumba za eni pofuna chidule.

Chachinayi, apolisi. Kwathu akakuimitsa pa rodibuloko umatsika n'kupita kukawalonjera, laisensi ili m'manja. Kuno kutero n'kudziika pakamwa pa mkango, chifukwa wapolisi aliyense amabwera pagalimoto yanu akuganiza kuti muli ndi mfuti. Khalani momwemo, tsitsani galasi, ngati ndi usiku yatsani nyali yam'kati, manja onse pa chiwongolero. Musafunefune chikwama asanakuuzeni, ndipo akakuuzani nenani kaye komwe chili. Amadou Diallo wa ku Guinea anaphedwa ndi apolisi ku Bronx, ku New York, mu February 1999 akutulutsa kachikwama ka m'thumba: anaomba zipolopolo 41, ndipo 19 zinamulasa. Philando Castile ku Minnesota mu 2016 anali ndi chiphaso cha mfuti yake, anamuuza wapolisiyo mwaulemu kuti ali nayo, ndipo anafera pampando, mwana wamng'ono ali kumbuyo. Ufulu wa pa pepala unali wake ndithu. Nkhani ya khungu pa ufulu umenewu ndi yakale: mu 1857, pa mlandu wa Dred Scott, mkulu wa oweruza analemba kuti anthu akuda akawerengedwa ngati nzika ndiye kuti adzayendanso ndi zida kulikonse, ndipo anaona chimenecho ngati chifukwa chowakanira.

Pamsewu wina akakutukwanani kapena kukupingani, mezani. Zokokerana za pa depoti zija, zoti titsike tionane, kuno zimathera kumanda.

Chachisanu ndi cha m'nyumba, ndipo anthu sachikamba. Mu 2021 anthu oposa 48,000 anafa ndi mfuti m'dziko lino, ndipo oposa theka anadzipha okha. Nyengo yozizira kuno ndi yaitali, ntchito ziwiri, ngongole, akumudzi akungopempha, banja likugwedezeka. Ndaonapo amuna olimba akulira m'galimoto pamalo oimikapo. Usiku woterowo suyenera kukupezani muli ndi mfuti m'dirowa. Nambala ya 988, yothandiza amene ali ndi maganizo odzipha, ndi yaulere, imbani, kapena imbirani mmodzi wa ife. Mwana wanu akaitanidwa kukasewera kapena kukagona kwa mnzake, funsani makolowo ngati m'nyumbamo muli mfuti ndiponso ngati ndi yokhomeredwa. Amwenye, azungu, akuda a kuno, onse amafunsana funso limeneli, si mwano. Ife timachita manyazi, ndipo ine ndinachita manyazi zaka zitatu ndisanayambe kufunsa.

Sindikunena kuti aliyense wa mfuti ndi woipa. Amene anandiphunzitsa kuyendetsa galimoto pa chipale ndi mlenje wa agwape, amakhala kumunda kutali kumene apolisi sangafike msanga, ndipo mfuti zake amazikhomera m'bokosi lachitsulo. Ndimamumvetsa. Ineyo tsopano ndine nzika, ndikhoza kukagula mawa, koma ndinasankha kusatero, ndipo amene mwasankha zina mutakwanitsa mapepala, kaphunzireni kaye kwa aphunzitsi ovomerezeka ndi kugula bokosi lokhoma musanagule mfutiyo.

Mwana wa mlongo wanga uja sanapite. Anawauza anzakewo kuti viza yake simulola, mmodzi mwa iwo n'kudabwa, poti sankadziwa n'komwe kuti lamulo lotero lilipo. Akubwera kuno Lamlungu tikatuluka ku tchalitchi. Tikatha nsima ndikamukhazika pampando wa dalaivala panja apa, ine ndiime pawindo ngati wapolisi, tibwereze mpaka manja ake azipita okha pa chiwongolero. Amene muli pafupi ndipo muli ndi mwana wongofika kumene, bwerani naye.