Ndingasunge bwanji mbiri ya amayi anga asanaiwale?

Funso: Amayi anga anakulira m'tauni ya m'mphepete mwa nyanja, ndipo kwa zaka zambiri ankasamalira odwala ndi ana amasiye mosalipidwa. Pano akalamba, ayamba kusokoneza mayina. Ndikufuna kujambula zomwe akukumbukira, koma ndikawafunsa amangoti, "Palibe chachilendo chomwe ndinachita." Ndiyambire pati?
Wowerenga wathu

Yankho: Yambani sabata ino, foni yomwe muli nayoyo ndi yokwanira. Muyambe mwawapempha chilolezo, muwauzenso anthu amene adzamve mawuwo.

Chezani nawo m'mawa asanatope, osapitirira mphindi 45 patsiku. Tsekani mawindo, chifukwa mphepo ya kunyanja ikawomba pa maikolofoni imaphimba mawu, ndipo pambuyo pake sizikonzeka. Foni ikhale pa airplane mode kuti woimba asakuduleni. Igonekeni pa nsalu yopinda, masentimita pafupifupi 30 kuchokera pakamwa pawo. Jambulani kaye mphindi imodzi, mumvetsere, kenako muyambe potchula tsiku, malo ndi dzina lawo lonse.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa mafunso. Mukati "Tandiuzeni za moyo wanu", munthu amasowa pogwira. Funsani zing'onozing'ono: pakhomo pa nyumba yomwe anakuliramo ankaona chiyani, anawaphunzitsa kusambira ndani, asodzi akachedwa kubwerera anthu ankatani. Pa ntchito yothandiza anthu ija, musawafunse zomwe iwo anachita. Afunseni kuti ankayenda ndi ndani, m'chikwama ankanyamula chiyani, kwa wodwala ankafika nthawi yanji. Amayi otere safuna kuoneka odzitama, koma za anzawo amafotokoza momasuka, ndipo ntchito yawo imatulukira momwemo. Akakhala chete musafulumire kuponya funso lina, nthawi zambiri amakhala akusaka mawu. Akaphonya chaka musawadule pakamwa. Lembani papepala, kumapeto mufunse kuti, "Nthawi imeneyo mwana wanu woyamba anali atabadwa?" Nkhani ikawaliza, imitsani foni, muwafunse ngati akufuna kupitiriza.

Zithunzi zakale zimatsitsimutsa maganizo, choncho zikhale patebulo. Kungoti chinyezi cha kunyanja chimazimatanitsa ndi kuzichititsa nkhungu. Zomatana musazikoke, nkhope zimang'ambikira kwinako; pitani nazo kwa odziwa kukonza zithunzi. Zabwinobwino zichiteni sikani (kuzikopera mu kompyuta ndi makina) pa 600 dpi, womwe ndi muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi, mulembe mayina kumbuyo ndi pensulo yofewa, chifukwa inki imalowerera. Musazimate pulasitiki ya lamineti, kutentha kwake kumaziwononga ndipo simatukanso.

Ola limodzi la mawu mu fayilo ya mtundu wa MP3 ya 128 kbps (muyeso wa kumveka bwino kwa mawu) limadya malo pafupifupi 60 MB. Sungani makope atatu: mufoni, pakompyuta kapena fulashi, ndi lina kwa m'bale wokhala kwina. Kulemba zonse za ola limodzi kumatenga maola 4 mpaka 6, ndiye lembani za tsiku lililonse musanajambulenso, kuti mayina omwe simunawamve bwino muwafunse ulendo wotsatira.